Kalata yochokera ku Jambiani

Okondedwa achemwali,

 Ife kuno tili bwino, ndipo alamu anu mwendo uja wayamba kuwaleka. Lero ndi tsiku lachisanu chifikireni pa chilumba cha Unguja, chomwe ambiri timangoti Zanzibar, choncho ndati ndikulembereni zinthu zikadali m'maso. Mwana wanu wa ku Leeds uja, amene watilipirira ulendowu pokumbukira zaka 35 za ukwati wathu, anatisankhira hotela ya kum'mawa kwa chilumbachi, m'mudzi wa Jambiani.

Za panjira sindichulutsa. Tinakwera ndege ku Lilongwe mpaka ku Dar es Salaam, kenako kandege kakang'ono kanatiolotsa m'mphindi ngati 20. Pagalimoto tinadutsa m'nkhalango ya Jozani, momwe tinaona apusi a misana yofiira ali khale m'mitengo ya m'mbali mwa msewu.

Hotelayi ili ndi nyumba zochepa, iliyonse payokha pakati pa mitengo ya kokonati. Madenga ake ndi a masamba a kokonati omwewo, amene kuno amati makuti. M'kati muli bedi lalitali la matabwa osemedwa maluwa, neti yoyera yolendewera kuchokera pamwamba, ndipo pakhonde pali kadziwe kosambiramo ka ife awiri basi. Zonsezi ndi zokongola, koma chimene chandigwira mtima ndi bata. Kulibe wailesi, kulibe hutala ya minibasi, kulibe chigayo. Inu mukudziwa kuti zaka zonse zija ndili pa unamwino ndinkagona khutu limodzi lili tcheru, kudikira belu kapena kulira kwa wodwala. Usiku woyamba ndinangokhala maso gwa, kudikira phokoso losabwera. Usiku wachiwiri ndinagona tulo tomwe ndinatisiya kalekale tili atsikana kwa agogo.

Batali silingodzigwera lokha ayi, pali manja amene amalikonza. Ndikadzuka mbandakucha, mzikiti wa m'mudzi utangoitana, ndimaona mnyamata akusalaza mchenga ndi reki, kuchotsa zinyalala zimene nyanja yalavula usiku, kuti mlendo akatuluka apeze poyera mbee. Madzulo kumabwera mayi wina kudzatsitsa neti ndi kutisiyira madzi akumwa, ndipo amayenda mosamveka n'komwe. Tsiku loyamba anandipatsa moni wakuti "Shikamoo", ine osaganiza n'komwe ndinangomva pakamwa panga patuluka "Marahaba". Ndi mmene agogo ankayankhira ana a anzawo achiswahili aja. Mayiyo anaseka, nandigwira dzanja, ndipo kuyambira pamenepo timacheza, iye m'Chiswahili, ine m'Chichewa, n'kumamvana pakati. Mvula ati mvua, moto ndi moto womwewo, nyama ndi nyama, ndipo mabwato awo okhala ndi mapiko a matabwa uku ndi uku amawatchula kuti ngalawa.

Tsono imvani za nyanja. Ife obadwira m'mbali mwa nyanja tinazolowera kuti madzi uwapeza pomwe unawasiya dzulo. Kuno sizili choncho. Mmawa wa tsiku lachiwiri ndinatuluka pakhonde n'kupeza nyanja yachoka. Pomwe dzulo lake panali mafunde panali mchenga woyera wotambalala mtunda wopitirira kilomita imodzi, ngalawa zitagona chammbali ngati ng'ombe zopuma, ndipo kutali uko kunkaoneka mzere woyera wa thovu pomwe madzi amaswekera pa matanthwe. Madziwa amaphwa kawiri pa tsiku ndi kudzazanso kawiri, ndipo tsiku lililonse amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ndiwo umawakoka. Ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, amapita kutali kuposa masiku ena onse. Pa ofesi yolandirira alendo amalemba nthawi zake pa bolodi, ndipo aliyense, mlendo ndi msodzi yemwe, amakonza tsiku lake potsatira zimenezo.

Madzi akaphwa, amayi a m'mudzi amatsikira kuminda yawo. Inde, minda ya m'nyanja. Ndinavala nsapato zapulasitiki, poti pansi pali tizilombo taminga takuda, n'kuwatsatira. Amakhoma zikhomo mumchenga, n'kumanga zingwe kuchoka pa chikhomo china kufika pa china, ndipo pazingwepo amamangirira tinthambi ta ndere za m'nyanja zimene amati mwani. Mayi amene ndinamuyandikira anali atakhala pansi m'madzi ofika m'chiuno, chitenje chili chonyowa, zala zake zikumanga mfundo mofulumira ngati woluka mkeka. Anandipatsa kanthambi kuti ndikhudze: koterera, kolimba ngati mphira. Pakatha milungu ngati isanu ndi umodzi amakolola, kusenza pamutu, kukayanika padzuwa, n'kugulitsa kwa amalonda amene amatumiza kunja, komwe amakapangira zinthu zolimbitsa mankhwala otsukira mano ndi ayisikirimu. Ulimiwu unayamba mu 1989 kuno ku Jambiani ndi ku Paje, ndipo ambiri mwa alimi ake ndi amayi. Mtengo wake ndi wotsika, komanso madzi akatentha kwambiri mbewuyo imadwala n'kufa. Ndinakumbukira inu muli weramu m'dimba la mpunga, matope m'maondo, ndipo pobwerera ku mpando wanga wa pansi pa mthunzi mtima unali utatsalira kwa amayi aja.

Mphepo imene ikuomba mwezi uno wa Julaye amaitcha kusi. Imachokera chakummwera, ndipo alamu anu atangoimva pankhope anati, "Uwu ndi mwera." Sananame, pakuti nyengo yake ndi yomweyo imene asodzi akwathu amaopa kulowa pakati. Ikatembenuka chakumapeto kwa chaka imakhala kaskazi, mpoto wathu uja. Mphepo ziwirizi ndizo zinkayendetsa zombo zamathanga pakati pa gombe lino, Arabiya ndi India.

Dzulo tinapita ku Stone Town, ndipo kumeneko ndinalira. Ku Mkunazini kuli tchalitchi cha Anglican chimene anayamba kumanga mu 1873, chaka chomwe msika wa akapolo unatsekedwa, pamalo penipeni pomwe panali msikawo. Panja pali dzenje, m'menemo muli ziboliboli zisanu za anthu, unyolo uli m'khosi. Achemwali, ena mwa anthu amene ankagulitsidwa apa anachokera kwathu. Ankawasonkhanitsa pa Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe, kuwaolotsa nyanja, kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, kenako kuwabweretsa kuno. M'tchalitchimo muli kamtanda kosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Mishoni imene inamanga pamenepa ndi yomweyo imene inadzamanga tchalitchi cha ku Likoma ndi All Saints yathu ya ku Nkhotakota, momwe tinabatizidwira ine ndi inu.

Titabwerako madzulo anatikonzera tebulo pamchenga, nyali zili m'mbali, natipatsa mpunga wa pilawu ndi nsomba yophika ndi msuzi wa kokonati. Chakudyacho chinali chokoma, koma ndinadya mwakachetechete, ndipo alamu anu sanandifunse kanthu. Tinakhala pakhonde mpaka usiku, madzi akubwerera pang'onopang'ono mumdima, ine ndikuganiza za anthu athu amene anaona nyanja yamchereyi koyamba ali m'magoli. Kukanakhala kuti ndili pamalo aphokoso, mwina ndikanangowaiwala pofika mmawa. Pano ndinapeza mpata wowapempherera.

Dzuwa kuno limatulukira m'madzi ngati mmene limachitira kwathu, ndipo ndikaliona ndimakusowani. Ndakugulirani zitenje ziwiri zimene kuno amati kanga, ndi kathumba ka karafuu koti muzithira mu tiyi. Tinyamuka Lachiwiri, ndipo sabata yomweyo tibwera kudzakuonani. Mundisungire ufa wa kondowole ndi usipa wouma. Perekani moni kwa onse kumudziko.

Ine mng'ono wanu.