Dymphna Woyera: zimene ndaona ku Geel ndi za kwathu ku Mwanza

Abale anga a ku Mwanza, makamaka inu amayi a m'miphakati, pali woyera wina amene kwathu samveka kwenikweni, dzina lake Dymphna. Mbiri yake, yolembedwa m'zaka za m'ma 1200, imati anali mwana wa mfumu ina ya ku Ireland m'zaka za m'ma 600. Mayi ake atamwalira, bambo ake mutu unawasokonekera mpaka kufuna kukwatira mwana wawo wobereka okha. Mtsikanayo anathawa ndi wansembe Gerebernus nakabisala ku Geel, kuno ku Belgium. Bambowo anawalondola, anaphetsa wansembeyo, mwanayo n'kumudula mutu ali ndi zaka pafupifupi 15.

Pamanda a Dymphna anthu anayamba kubweretsapo odwala misala. Tchalitchi cha dzina lake anayamba kumanga mu 1349, ndipo odwala ankagona masiku asanu ndi anayi m'chipinda chogundana ndi tchalitchicho, akuchita novena. Malo atachepa, eni mudzi anayamba kuwatengera kunyumba zawo. Ena sanabwererenso kwawo. M'zaka za m'ma 1930, odwala opitirira 3,000 ankakhala m'mabanja a ku Geel. Lero achepa, ndipo chipatala cha boma ndicho chimayang'anira: anamwino amayendera, banja limalandira kangachepe. Koma mwambowo ulipobe. Ndinaona bambo wina wodwala, wa imvi, akutsika panjinga ndi buledi m'manja, mayi wa pakhomopo akumukumbutsa kuti atseke geti. Si m'bale wawo. Amadya nawo patebulo limodzi.

Pa mapemphero pokha, kwathu tili patsogolo. Kuno Lamulungu m'tchalitchi mumakhala nkhalamba zowerengeka, ndipo mdipiti waukulu wa Dymphna umachitika kamodzi pa zaka zisanu. Kwathu tsiku la nkhoswe ya mphakati likafika, nsalu zimasokedwa, kwaya imakonzekera mwezi wathunthu, mbuzi imagwa. Pa 3 June, tsiku la Amaritiri a ku Uganda, timaimba mpaka mawu kusasa. Zimenezi ndimazisowa kwambiri.

Chimene chimandipweteka ndi cha paboda paja pa Mwanza. Pamene mathiraki opita ku Tete amandandalika, sipasowa munthu wodwala misala wovala nsanza, akutola makoko a manachesi, ana akumugenda. Akuluakulufe timangoti ndi chamba, kapena anaphonya zizimba. Kumudzi ena amamangidwa chingwe pamtengo. Achibalewo sindiwaweruza ayi. Chipatala chachikulu cha matendawa chili ku Zomba, ulendo wodzera ku Blantyre, ndipo wodwala akalusa palibe minibasi imene ingamulole. Kawirikawiri mtolo wonse umagwera mayi mmodzi, amene sangapitenso kumunda kapena kumsika poopa kumusiya yekha.

Pa maliro timadziwa kugawana ntchito popanda wotiuza: uyu nkhuni, uyu madzi, uyu ufa. Bwanji mphakati uliwonse osalemba mabanja amene ali ndi wodwala misala, n'kumasinthana? Lolemba wina akamusambitse, Lachitatu wina akhale naye kuti mayi uja akalime, pa tsiku la mankhwala wina amuperekeze kuchipatala cha boma pa Mwanza. Amene tili kunja kuno tingasonkhe ya thiransipoti. Atsogoleri a miphakati, ndilembereni tiyambe ndi mudzi umodzi.