Mpatseni mdzukulu mpando wa pawindo



Mawu athu alero ali pa Zekariya 8:4-5, muwerenge nokha makasitomala akachepa. Mneneri akutionetsa Yerusalemu Mulungu atamukonzanso. Nkhalamba zakhala panja ndi ndodo zawo, ndipo pamsewu womwewo ana ali piringupiringu kusewera. Phokoso lilipo ndithu, koma palibe gogo amene wanyamula mkwapulo. Mzinda wamtendere Mulungu anaujambula chotero.

Manje tiyeni ku Intercity m'bandakucha. Ndalama ya oda mwaimanga mkati mwa chitenge, mutu uli pa mtengo wa nshawa ku Chipata, kondakita akukangana nanu za katundu. Mdzukulu afunsa, "Ambuya, chija n'chiyani?" Yankho timalidziwa tonse: "Iwe khala zii, uzanikwezera BP!" Kuchoka Lusaka kufika Chipata ndi makilomita oposa 550. Inu njirayi mwaiyenda mpaka mumadziwa pamene pali bampu muli m'tulo. Kwa mwana wobadwira ku Chawama kapena ku Mtendere, lero ndiye tsiku loyamba kuona phiri lenileni. Ndiye akhale zii tsiku lonse ngati thumba la chimanga?

Mpatseni mpando wa pawindo. Mukapitirira Rufunsa n'kuyamba kukhotakhota m'mapiri a Manenekela, musiyeni akuwe "Eee!" pakona iliyonse. Pulasitiki ikhale pafupi, akasanza mpukuteni chabe osamuzazira, pakuti ngakhale akuluakulu amasanza pamenepo. Pa Luangwa tsikani naye. Aone nsomba zouma, agwire madengu, afunse mitengo ngakhale simugula. Powoloka mlatho muuzeni kuti unamangidwa mu 1968, kuti madzi awo akupita kukathira mu Zambezi kumene Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zikumana, ndi kuti tsidya linalo mwalowa ku Eastern Province, kwawo kwa makolo ake.

Ndipo inu amalonda, apa mundimvetse. Pa Nyimba mpatseni K10 m'manja mwake agule yekha nthochi. Asankhe, anenerere, awerenge chenji. Akamudyera K2 musapange mlandu, inunso tsiku lanu loyamba ku Soweto Market munalipira sukulu. Mwana amene wagula ndi dzanja lake amagawira basi yonse, mpaka ndi kondakita yemwe uja.

Ndikudziwa chimene chimatiumitsa nkhope, ndi mantha. Mwana ndi wa eni, amake ali kuntchito ku Lusaka, kapena anatisiya ndipo watsala ndi inu nokha. Mantha amenewa ndi oona. Pa Luka 2, Mariya ndi Yosefe anayenda tsiku lathunthu akuganiza kuti Yesu, wa zaka 12, ali ndi achibale m'gulu la apaulendo, ndipo anamupeza patapita masiku atatu. Funsani mayi aliyense kutalika kwa masiku atatu otere. Choncho lembani nambala yanu ya foni pakapepala muike m'thumba mwake. Potsika mugwireni dzanja, chifukwa mathiraki pamsewu uja sadziwa mwana. Mutu ndi mkono zisatuluke pawindo. Zimenezi zikatheka, zinazo msiyeni. Kumbukiraninso kumene anamupeza Yesu: m'Kachisi, pakati pa aphunzitsi, ali kumvetsera ndi kufunsa mafunso, ndipo aphunzitsiwo sanamuthamangitse.

Foni, mwandi, musafulumire kumupatsa kuti akusiyeni mugone. Makatuni adzawapeza kunyumba. Mukafika pa Katete mulozereni njira ya ku St Francis, chipatala chimene mpingo wathu wa Anglican unayamba, ndipo mumuuze wachibale amene anabadwira mmenemo. Akafuna kuyimba nyimbo ya ku Sunday School, muyankhireni pang'onopang'ono, wina wa Mothers' Union kumbuyo adzalandira. Ena a ife mawondo ayamba kukana masitepe a basi, maulendo otere satsala ambiri.

Tipemphere. Ambuye, sungani madalaivala a pa Great East Road, muwachotsere tulo ndi liwiro. Sungani ambuya, katundu wawo ndi tiana tili pawindo, mpaka akatsike bwino kumudzi. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.