BRETAGNE, DERA LIMENE ALIMI ANAGULA SITIMA ZAO

Kumadzulo kwa dziko la France kuli cigawo ca Bretagne, cimene cazingidwa ndi nyanja yamcere mbali zitatu. Likulu lake ndi mzinda wa Rennes, ndipo anthu ake apitirira 3 miliyoni. Mlendo woyenda m'menemo amaona minda ya ndiwo zamasamba, makola a nkhumba ndi nkhuku, ng'ombe zamkaka, ndiponso mafakitale okonza zakudya. Koposa theka la nkhumba zonse za m'France zimawetedwa kumeneko.

Koma kale sikunali tero. Nkhondo yaciwiri itatha mu 1945, Bretagne anali dera losauka, ndipo anyamata ndi atsikana ankathawira ku Paris kukafuna nchito. Alimi ankakolola zambiri, koma mtengo unkaikidwa ndi amalonda ogula mbeu. Popeza ndiwo sizicedwa kufota, mlimi ankangolandira ciliconse cimene wapatsidwa.

Mu 1961 alimi a ku Saint-Pol-de-Léon, motsogoleredwa ndi mnyamata wa zaka 25, Alexis Gourvennec, anapanga bungwe lacigwirizano ndi kutsegula msika wa okushoni, kuti ogula azipikisana poyera. M'mwezi wa June caka comweco analanda ofesi ya boma ku Morlaix pofuna kuti madandaulo ao amveke. Gourvennec anamangidwa, koma khoti linammasula.

Msika utapezeka, panatsala vuto la mtengatenga. Boma linavomera kukonza miseu ikuluikulu yosalipiritsa ndi kumanga doko lakuya ku Roscoff. Doko litatha, makampani a sitima zapamadzi anakana kubwerako, nati kulibe phindu. Pamenepo alimi anasonkha ndalama, nagula sitima yaoyao yochedwa Kerisnel. Pa 2 January 1973 inanyamuka ulendo woyamba kupita ku Plymouth, ku Britain, dziko limene linali litangolowa kumene mu msika wa maiko a ku Ulaya. Umu ndimo inayambira kampani ya Brittany Ferries, imene lero imanyamula katundu ndi anthu, ndipo alimi akali eni ake aakulu.

Nchito zinanso zinadza. Kampani ya Citroën inatsegula fakitale ya magalimoto pafupi ndi Rennes mu 1961, ndipo tauni ya Lannion inachuka ndi nchito za matelefoni. Kuyambira 2017 sitima yapamtunda imacoka ku Paris ndi kufika ku Rennes pa ola limodzi ndi theka.

Komabe cuma cimeneci cabwera ndi mtolo wake. Ndowe za ziweto ndi feteleza zimakokolokera m'mitsinje mpaka kunyanja, kumene zimameretsa ndele zobiriwira. Ndelezo zikaola pagombe zimatulutsa mpweya wakupha, umene mu 2009 unapha kavalo ku Saint-Michel-en-Grève. Mu 2010 boma linayamba ndondomeko yocepetsa vutoli, koma ndele zikali kubwera caka ndi caka. Makolo anagonjetsa amalonda cifukwa cogwirizana. Ana ao tsopano ali ndi mlandu wa madzi, ndipo palibe mlimi angauthe yekha.