Amene Timawabisa Alendo Akabwera

Kodi munayamba mwabisapo m'bale wanu? Sindikunena zomubisa kwa angongole ayi. Ndikunena zomusiya kukhitchini mpaka alendo atapita, poopa kuti akangotsegula pakamwa anthu adziwa kumene munachokera.

Ife adzukulu a matchona ku Zimbabwe nkhaniyi timaidziwa bwino. Makolo athu anachoka ku Nyasaland, ena wapansi, kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a fodya. Anabereka konko, n'kukalamba konko, koma dzina lonyoza loti "mabhurandaya", kutanthauza a ku Blantyre, silinawachoke. Kaya ndiwe wa ku Dedza, kaya wa ku Mzimba, dzina ndi lomwelo basi. Lamulo la unzika litasintha mu 2001, ambiri anangozindikira kuti asanduka alendo m'dziko lomwe mchombo wawo unagwera.

Komatu chipongwe cha pamsewu chimapiririka. Chimawawa chikalowa m'nyumba. Achimwene anga atapeza mbeta ya Chishona, anauza apongozi kuti kwathu n'ku Mutoko. Tsiku lopereka malowolo anapempha agogo aakazi kuti atsale, ati ulendo ndi wautali. Chifukwa chenicheni tonse tinkachidziwa: Chishona cha agogo chinkamveka Chichewa. Agogowo, amene anawalipirira sukulu ndi ndalama za zitumbuwa, anangoti, "Muyende bwino, bambo," n'kutola tsache kumasesa pabwalo posesa kale.

Alamu anga anadzadziwira zoona pamaliro a agogo omwewo, Gule Wamkulu atatulukira. Zoti amuna awo ndi Mchewa sizinawavute n'komwe. Anangofunsa kuti, "Ngati munabisa amene anakulerani, ine mudzandibisa liti?" Banja lilipobe, koma funsolo silinayankhidwe mpaka lero.

Mwina mukuti izi n'za ku Zimbabwe. Nanga ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndi Alhomwe angati amene anasiya kuphunzitsa ana chinenero chawo poopa kutchedwa Anguru? Manyazi amtunduwu amabera anthu awiri nthawi imodzi. Wobisidwayo amalandidwa ulemu, ndipo wokondedwa wanu amakhala akukonda munthu wongopeka.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka. Zabwino ndithu, koma lamulo silingatulutse agogo kukhitchini. Imeneyo ndi ntchito yanu. Ngati akadali moyo, alendo akadzabwera mudzawakhazike pampando wa pabalaza, n'kunena momveka kuti, "Awa ndi agogo anga." Musadikire kuti gule adzakuululeni pamaliro.