Msana wa Phulusa

Abale anga, makamaka inu amene munakhalapo patebulo pakati pa usiku mutagwira pepala la ndalama zimene mulibe, ndikufuna ndikufotokozereni za kalulu. Ndikudziwa kuti ena mudabwa. Inenso ndinakulira ku Ntcheu, kumene kalulu timamuwetera ndiwo, ndipo akadwala palibe amene amapita naye kuchipatala. Koma zimene zinachitika m'nyumba mwanga mu Febuluwale 2024 zinandifikitsa pamalo amene sindinkadziwa kuti mtima wanga ungafikepo.

Ndinabwera ku Leicester mu 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga wamkazi anandilondola chaka chotsatira ali ndi zaka 9, ndipo atangofika anatseka pakamwa. Kusukulu sankayankhula, kunyumba ankangoti "eya" ndi "ayi". Mayi wina woyandikana nafe atatipatsa kakalulu kotuwa, mwanayo anakatcha Phulusa. Tsiku lina ndikubwera kuntchito ndinamumva ali kuchipinda akukafotokozera m'Chichewa za agogo ake, za mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, za anzake amene anawasiya. Ndinaima pakhomo ndikulira chamumtima. Kalulu uja ndiye anandibwezera mawu a mwana wanga.

Lamlungu lina ndinafika kunyumba nditagwira ntchito maola 12, ndikupeza Phulusa atalowa kuseri kwa mpando akutafuna chingwe chotchajira foni. Ndinapsa mtima. Ndinamukoka ndi makutu n'kumunyamula m'mwamba, monga tinkachitira kumudzi. Anapalasa miyendo yakumbuyo kamodzi mwamphamvu, n'kundipulumuka. Atagwa pansi anayesa kuthawa, koma miyendo yakutsogolo yokha ndiyo inkayenda. Yakumbuyo inkangokhwekhwereka ngati nsanza.

Mwana wanga anatuluka kubafa. "Amayi, watani Phulusa?"

"Wadumpha yekha pampando," ndinatero.

Bodza limenelo linatuluka msanga kwambiri, moti ndinadziopa ndekha. Ine amene kuntchito anandiphunzitsa kanyamulidwe ka munthu wofooka, amene sindidzutsa gogo aliyense ndisanamuchirikize msana ndi chiuno, ndinali nditathyola kanyama ka makilogalamu awiri, n'kunamizanso mwana.

Kuno ku Britain munthu akadwala amapita ku NHS, koma ziweto zilibe chipatala cha boma. Chilichonse n'cholipira, ndipo usiku mtengo umakwera. Pachipatala cha ziweto chimene chinali chotsegula anamubaya jakisoni wopha ululu, n'kundiuza kuti akuganiza kuti msana wavulala. Kuti aone bwino mtsempha wa mkati mwa msanawo, anati, pafunika kumutumiza kwa akatswiri kukamuunika ndi makina a MRI. Anandilembera papepala: mapaundi oposa 2,000, osawerengera opaleshoni ngati itafunika. Kungoonana ndi dokotala usiku umenewo kunali kutadya kale mapaundi 250. Anatchulanso njira ina, motsitsa mawu kuti mwana asamve, yomubaya jakisoni woti afe mosamva ululu.

Ndinkalandira mapaundi osafika 11 pa ola. Inshuwalansi ya ziweto ndinalibe, ndipo ukailowa chiweto chitavulala kale salipira vuto lakalelo. Mabungwe achifundo othandiza ziweto alipo, koma ambiri amathandiza anthu amene amalandira thandizo la boma, pomwe viza yanga imandiletsa kulandira thandizo lotero. Kubanki kunali mapaundi 600, ndalama za malata a amayi anga, zimene ndinazisonkha miyezi isanu. Kumudzi inali nthawi ya dzinja ndipo denga lawo linkadontha.

Mwana anagona cha m'ma 1 koloko, atatupa maso. Ine ndinatsala kukhitchini ndi katoni ya Phulusa. Anali atadzikodzera, ubweya wa kumbuyo utanyowa, akukukuta mano, chimene ndinadziwa pambuyo pake kuti ndi mmene kalulu amasonyezera ululu, pakuti kawirikawiri sakuwa. Ndinawerengera ndalama kanayi konse, ngati kuti zichuluka. Ndinatsegula pafoni malo obwereketsa ndalama za katapila, ndinalemba dzina langa, n'kufufuta. Ndinaganiza za amayi anga akutchera mabeseni m'nyumba. Ndinadziona wopusa polirira ndiwo, kenako ndinadziona wankhanza poitcha ndiwo.

Chimene nditi ndinene tsopano ndinachibisa nthawi yaitali. Kuseri kwa nyumba yathu kumadutsa nkhandwe usiku uliwonse, zija za m'tauni zimene zimafufuza m'mabini. Maganizo anandibwera akuti: ukangomuika panja, pofika m'mawa nkhani yatha. Palibe ngongole, palibe wofunsa mmene anavulalira, mwana umuuza kuti wafa usiku ndipo wamukwirira. Sanali maganizo ongodutsa ayi. Ndinanyamula katoniyo, ndinatsegula chitseko, mphepo yozizira inandimenya kumaso. Ndinaima pamenepo osavala nsapato, sindikudziwa kwa mphindi zingati. Pemphero linakana kutuluka. Ndinangoti, "Ambuye, ndine uyu."

Phulusa anadzikoka ndi miyendo iwiri ija n'kulowetsa mutu pansi pa dzanja langa, monga ankachitira akafuna kusisitidwa. Ankathawira kuzizira m'dzanja lomwe linamuthyola. Ndinatseka chitseko, n'kukhala pansi pomwepo mpaka kunayera.

M'mawa ndinaimbira nesi wina wachikulire wa ku Zimbabwe amene ndimagwira naye ntchito, kuti ndimuuze kuti sindibwera. Atamva mawu anga anandifunsa chavuta, ndipo ndinamufotokozera. Sanaseke. Anandiuza kuti si dokotala wa ziweto aliyense amene anazolowera akalulu, popeza ambiri amaona agalu ndi amphaka, ndipo anandilozera kwa mayi wina amene amawadziwa bwino.

Titapita kumeneko, dokotalayo anayala thaulo pansi n'kugwada, osamuika Phulusa patebulo. Anatsina chala cha mwendo wakumbuyo ndi kachitsulo. Mwendo unagwedera. Iye anati zimenezo zokha sizitanthauza kanthu, chifukwa mwendo umatha kudzikoka wokha ngakhale mtsempha utaduka. Anatsinanso mwamphamvu, akuyang'ana kumutu. Phulusa anatembenuka mofulumira kufuna kuluma. "Wamva," anatero dokotala. "Uthenga ukufikabe kuubongo. Chiyembekezo chilipo."

Kenako anandifunsa kuti anavulala bwanji kwenikweni, pakuti yankho limuthandiza kudziwa poyang'ana. Anati pali kachilombo kotchedwa E. cuniculi kamene kamafooketsanso miyendo ya akalulu, ndipo mankhwala ake ndi ena, akumwa masiku 28. Mwana wanga anali pambali panga atagwira malaya anga. Pakamwa panauma. Ndinanena zoona zonse, m'Chingerezi kwa dokotala, kenako m'Chichewa kwa mwana. "Mwana wanga, ndinakunamiza. Ndine ndinamunyamula ndi makutu." Anasiya malaya anga n'kukaima pakhoma. Sanandiyankhule masiku awiri.

Dokotala sanandidzudzule. Anandifotokozera kuti mafupa onse a kalulu amalemera magawo 7 kapena 8 okha pa 100 a thupi lake, pomwe minofu ya miyendo yakumbuyo ndi yamphamvu kwambiri. Akapalasa ali m'mwamba, matako asanachirikizidwe, mphamvu yake yomwe imatha kuthyola kapena kugulula fupa la msana, kawirikawiri cha m'chiuno. Za MRI ananena mawu amene ndikufuna muwasunge. Makinawo amaonetsadi mtsempha, chimene X-ray singaonetse, ndipo a usiku aja sananame. Koma chithunzicho chimathandiza makamaka ngati mukukonzekera opaleshoni, ndipo opaleshoni ya msana wa kalulu sichitika kawirikawiri chifukwa mafupa ake ndi opyapyala. Ngati chithandizo chikhale chimodzimodzi kaya taunika kaya ayi, anatero, tiyambe ndi X-ray. Usiku uja mantha ndi manyazi zinanditseka pakamwa, sindinafunse n'komwe kuti kuunikako kusintha chiyani. Funsani, abale, ngakhale Chingerezi chikukuthawani. Nenaninso poyera ndalama zimene muli nazo.

X-ray inaonetsa mng'alu pa fupa limodzi la m'chiuno, koma silinasunthe kwambiri. Zonse pamodzi ndi mankhwala zinakwana pafupifupi mapaundi 400. Amayi a chipereganyu chathu cha kutchalitchi anagwirizana kundipatsa ndalama za mwezi umenewo ngakhale siinali nthawi yanga. Mmodzi yekha ndiye anafunsa kuti, "Kalulu weniweni?" koma naye anasonkha. Zotsalazo ndinatapa pa malata aja. Nditawaimbira amayi anga kuwauza, anakhala chete, kenako anafunsa ngati mdzukulu wawo akudya. Anati malata sakhoma mvula ikugwa, adikira chilimwe.

Ndiye inayamba ntchito. Phulusa anayenera kukhala m'khola laling'ono milungu 6 mpaka 8, osadumpha, osatembenuzidwa mwachisawawa. Tsiku lililonse ankamwa meloxicam wa ululu ndi kutupa. Chikhodzodzo chake sichinkagwira ntchito, choncho dokotala anandiphunzitsa kuchifinya pang'onopang'ono ndi zala katatu pa tsiku. Mkodzo ukakhalitsa pakhungu umawotcha n'kuyambitsa zilonda, ndipo nyengo ikatentha ntchentche zimaikira mphutsi pamenepo, motero ndinkamupukuta, kumuumitsa, kusintha zoyala. Kalulu akatha maola 12 osadya matumbo ake amatha kuima ndipo angafe, choncho masiku oyamba ndinkamumwetsa phala la udzu ndi sirinji, usiku ndi usana. Pali ndowe zina zofewa zimene kalulu amadya zikangotuluka kuti apeze zofunika m'thupi. Iye sankatha kupindika kuti azifikire, ndiye ndinkatola ndi kumuikira pakamwa. Manja anga ankaidziwa kale ntchito imeneyi, ndi yomwe ndimachitira agogo a kuntchito. Ndikapita kushifiti, mayi woyandikana nafe uja ankalowa m'malo mwanga.

Usiku wachitatu ndikumwetsa phala, mwana wanga anabwera n'kugwira tochi popanda kunena kanthu. Patapita nthawi anati, "Amayi, mukumuthira wambiri, atsamwa." Awo anali mawu ake oyamba.

Milungu iwiri inatha popanda kusintha kulikonse, ndipo kawiri ndinabwerera kwa dokotala kukafunsa ngati sitikungomuzunza. Anandiuza mosabisa kuti akalulu ena sachira, ndipo amene samvanso ululu wa kutsina kuja, kapena amene wasiyiratu kudya, kumupumitsa ndi jakisoni ndi chifundo. Wina wa inu mwina anafika pamenepo. Simunalakwe, ndipo ine sindinakuposeni chikondi. Phulusa ankadya, ankanyambita manja athu, choncho tinapitiriza.

Mlungu wachitatu, zala za mwendo wakumanja zinatambasuka pamene ndinkamupukuta. Ndinaitana mwana mokuwa mpaka anaganiza kuti wafa. Mlungu wachisanu tinapeza atakodza yekha pakona ya khola, ndipo tinagwada pomwepo tonse awiri kuthokoza Mulungu. Mlungu wachisanu ndi chiwiri anaimirira, anadzandira, anagwa, anaimiriranso.

Lero amayenda m'nyumba monse, ngakhale mwendo wakumanzere umatsalirabe pang'ono ndipo pampando sakweranso. Malata a amayi anga anakhomedwa mu Seputembala. Za chitseko chija ndinamuuza mwana wanga chaka chitatha, ndipo tinalira limodzi. Tsopano tsiku lopita ndi Phulusa kukapimidwa likakwana, iye ndiye amayang'anira. Amandikhazika pansi kaye, n'kutenga dzanja langa limodzi kuliika pansi pa chifuwa cha kalulu, linalo pansi pa matako, kenako amati, "Tsopano mumufungatire, Amayi."