Chizungu cha pamsika n'cha ndalama, si cha matama

Abale anzanga a pamsika, tisamadziderere kuti Chizungu n'cha mabwana a tayi okha. Kodi tikamaitanira kasitomala kuti "faifi handiredi, mayi, tengani!" timakhala tikuyankhula chiyani? Ndalama tonsefe timawerenga m'Chizungu, ngakhale agogo ogulitsa bonongwe.

Inetu sukulu ndinalekezera panjira. Nthawi yathuyo, kutsatira chigamulo cha 1968, tinkaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, Chizungu n'kudzatigwera ngati chimvula mu Sitandade 5. Pasukulu pathu ukayankhula Chichewa ankakupatsa chibalo. Galamala tinkaloweza chifukwa choopa chikoti, koma pakamwa pamakhala gwa!

Chizungu chimene ndimadyera lero ndinachiphunzira pa benchi langa la kaunjika komanso pa maulendo okaoda katundu ku Johannesburg. Ndaona kuti pali malo ochepa pomwe ife a Chichewa timataya ndalama.

Poyamba ndi "fifteen" ndi "fifty". Pa 15 mawu amakwera kumapeto, pa 50 amakwera koyambirira. Mukatafuna mawu, thumba la K50,000 lipita pa K15,000. Mukakayika, lembani mtengowo pa foni, wogulayo aone ndi maso.

Kachiwiri ndi ngongole. "Borrow" ndi kutenga kwa mnzako, "lend" ndi kupereka. Tonse tazolowera "borrow me", koma pa pepala la mgwirizano mawu amodziwo akhoza kusandutsa wokongoza kukhala wokongola.

Kachitatu nkovuta zedi. Munthu akafunsa kuti "Mulibe chenji?" ife timati "Eee", kutanthauza kuti ndilibe. Koma m'Chizungu akati "Don't you have change?" inu n'kuyankha "Yes", mwavomera kuti muli nayo. Ngati mulibe, yankho ndi "No, I don't."

Za "he" ndi "she" musade nazo nkhawa kwambiri. Ife timangoti "iye", mwamuna kapena mkazi, ndipo mukasokoneza anthu amangomwetulira, ndalama siichoka m'thumba.

Koma anawa tisawalekerere. Mwana angakhoze masamu bwanji, akalephera Chizungu satifiketi ya MSCE saiona. Madzulo mwana aziwerenga mokweza zolembedwa pa makatoni ndi pa malisiti, inu muzimufunsa tanthauzo. Iye akonzekera mayeso, inunso mutolapo mawu awiri atatu.

Wina akakusekani pamsika, musiyeni aseke. Safunsa anadya phula.