Zipsera za wotchi

Mu Okutobala 2017, ku New York, wotchi imodzi yapamkono inagulidwa pa okushoni ya Phillips pa mtengo wa madola 17.8 miliyoni. Si yagolide, ilibenso mwala wamtengo ngakhale umodzi. Ndi Rolex Daytona yachitsulo, imene ankavala Paul Newman, katswiri wa mafilimu amene ankakondanso mipikisano ya magalimoto. Anamugulira ndi mkazi wake, Joanne Woodward, n'kulembetsa kumbuyo kwake timawu tomuchenjeza kuti aziyendetsa mosamala. Chondiseketsa n'chakuti mtundu umenewu poyamba sunkayenda malonda. Unkangokhala m'mashopu, anthu n'kumasankha ina.

Ndiye wogulayo anagula chiyani? Nthawi ayi. Foni imene mukuwerengerapo iyi imasunga nthawi bwino kuposa Rolex iliyonse yakale. Ngakhale ka Casio kapulasitiki kaja tinkalowa nako m'mayeso a Fomu 4 kamaiposa: wotchi ya batire imaphonya timasekondi pamwezi, pomwe ya sipuling'i, ngakhale yabwino chotani, imatha kuphonya timasekondi tsiku lililonse. Mpikisano umenewo unatha kalekale. Pa Khirisimasi ya 1969 kampani ya ku Japan ya Seiko inatulutsa Astron, wotchi yapamkono yoyamba ya quartz, ndipo pasanathe zaka 20 ntchito zopitirira theka za m'mafakitale a mawotchi ku Switzerland zinali zitatha. Otsalawo anapulumuka posiya kugulitsa kulondola kwa nthawi, n'kuyamba kugulitsa ulemu ndi mbiri.

Komabe zimandikoka, sindikana. Mkati mwa wotchi yakale mulibe magetsi. Muli sipuling'i, timagiya, ndi kagudumu kamene kamagunda kasanu kapena kuposerapo pa sekondi iliyonse. M'mawa umapukusa kamutu ka m'mbali kaja ndi zala, ndiye kuti waidyetsa. Ukaiiwala masiku awiri imangoti zii. Omega Speedmaster imene Buzz Aldrin anavala pamwezi mu 1969 inali yotere, yopukusa pamanja. Ndipo imakonzeka. Mmisiri akaitsegula, kuitsuka ndi kuthira mafuta, wotchi ya zaka 60 imadzukanso. Foni yanga ya dzana ili m'dirowa, batire linatupa, palibe akuifuna.

Chimene chimandizunguza mutu ndi malamulo a anthu osonkhanitsa mawotchiwa. Ife kuno chinthu chakale timachikwecha mpaka chiwale, anthu asadziwe kuti n'chakale. Jekete ya pakaunjika timaichapa, kuisita, n'kumanama kuti tinaitanitsa kunja. Iwo ayi. Wotchi ikapolishidwa mtengo umatsika, chifukwa kupolisha kumadya chitsulo n'kufafaniza m'mbali mwake. Ukasintha nkhope yake kapena mivi n'kuikamo zatsopano, ngakhale zochokera kufakitale komweko, mtengo umatsikanso. Pali mawotchi ena amene nkhope zawo zakuda zinasuluka n'kusanduka zofiirira ngati khofi, chifukwa utoto wake sunapirire dzuwa. Kunena zoona kumeneko n'kuwonongeka. Koma iwo anazipatsa dzina lokoma, amati tropical, ndipo amalimbirana. Tangoganizani, dzuwa lomweli limasulutsa makatani a amayi, kwina likukweza mtengo wa katundu.

Pamenepa m'pamene nkhaniyi imandifika pakhomo. Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Wenela m'zaka za m'ma 1960, monga anachitira amuna ambiri a m'dziko muno. Pobwera anatenga njinga, wailesi, chijasi, ndi wotchi ya Roamer ya ku Switzerland. Njinga inatha, wailesi inatha. Wotchi ilipo. Amayi amati agogo ankaivala Lamlungu lokha, malaya atapinda dzanja limodzi, ndipo ankaiyang'ana pafupipafupi ngakhale panalibe basi yoti iwasiye. Inali umboni woti analowa pansi pa nthaka n'kutulukamo amoyo, ali ndi kanthu.

Ndinafufuza pa intaneti mtengo wa ngati imeneyi. Sungagule ngakhale foni yabwino. Roamer si Rolex, zimenezo ndikumvetsa. Koma chinandiwawa n'china. Osonkhanitsa amati amagula nkhani, ndipo ndimawakhulupirira, kungoti msika umayamba wafunsa kuti mkono unali wa ndani. Kukandika kwa wotchi ya Newman ndi mbiri. Kukandika kwa wotchi ya munthu amene anakumba golide, mwinanso golide yemweyo anapangira mawotchi ena odulawo, kumangotchedwa kutha. Ine ndiye sindigwirizana nazo, ngakhale palibe wa okushoni amene adzandifunse.

Panopa wotchiyo ili kwa amalume, ndipo mwana wawo akukwatira. Iwo akufuna mkwati aivale patsikulo, koma ayambe aipititsa kwa wokonza mawotchi m'tauni, aikweche iwale, asinthe galasi.

Ndinati, "Malume, mkatimo atsuke ndithu, lamba asinthe. Koma kunjaku musaikhudze chonde."

Anandiyang'ana ngati sukulu inandisokoneza. "Iwe mphwanga, ukufuna mwana wanga akaime kutsogolo kwa anthu ndi chinthu chooneka ngati tachitola kudzala? Bambo anga anali munthu waukhondo."

Apa ndinasowa choyankha msanga, chifukwa akunena zoona. Agogo nsapato ankapolisha mpaka udzionerepo. Akanakhala moyo mwina akanaikwecha okha ndi phulusa. Maganizo oti zipsera n'zokongola ndawatola kwa anthu amene sanavalepo chinthu chokandika chifukwa chosowa china. Koma mng'alu uli pagalasiwo, pakati pa 4 ndi 5, amayi amaudziwa tsiku lake: agogo anagwa panjinga akuthamangira kuchipatala usiku umene amalumewo ankabadwa.

Ndawakumbutsa zimenezi pafoni dzulo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati lamba agula kale, wachikopa, wakuda. Za galasi sananene kanthu. Ukwati ndi Loweruka likubwerali.